Msoti kapena thadzi: kaphikidwe ka nkhuku kamatsata msinkhu wake

Tsiku lina ndinaphika nkhuku imene inandichititsa manyazi pamaso pa alendo. Inali yonona, ya khungu lachikasu, yolemera bwino m'manja. Ndinaiduladula, kuithira mchere, n'kuikazinga kwa theka la ola monga ndinkachitira masiku onse. Fungo linadzaza nyumba yonse. Koma titayamba kudya, macheza onse anatha, kunangoti zii, aliyense ali kalikiliki kulimbana ndi nthuli yake. Mwana wina anakoka ntchafu ndi mano mpaka inapulumuka n'kukagwera m'mbale ya mnzake. Nkhukuyo inalibe mlandu. Linali thadzi loti laikira mazira kwa zaka ziwiri, ine n'kuliphika ngati msoti.

Nkhuku zanyama zimene alimi amaweta zambirimbiri, monga za mtundu wa Cobb 500 kapena Ross 308, zimaphedwa zili ndi masabata 5 mpaka 7 okha, zitafika kale makilogalamu awiri kapena kuposerapo. Kunena zoona ndi anapiye ovala thupi la nkhuku yaikulu. Nkhuku zoikira, monga Hy-Line Brown kapena ISA Brown, zimayamba kuikira pa masabata 18 mpaka 20, ndipo mlimi amazigulitsa zikachepetsa mazira, nthawi zambiri zitadutsa masabata 72. Yoyenda yokha pabwalo imatha kufika zaka zitatu kapena zinayi isanaone mpeni. Zonsezi timazitchula nkhuku, koma mumphika sizifanana ngakhale pang'ono.

Kusiyana kwake kuli mu timinyewa toyera timene timamanga mnofu pamodzi n'kuulumikiza ku mafupa. Timapangidwa ndi chinthu chotchedwa kolajeni. Mu nkhuku yanthete kolajeniyu amakhala wosakhwima, moti kutentha pang'ono kumamufewetsa. Nkhuku ikamakula, ikamayenda, ikamapalasa ndi kukupiza mapiko, ulusi wake umalukana n'kugwirana mwamphamvu. Moto waukali wa mphindi zochepa umangoukokera pamodzi, madzi n'kufinyika kutuluka mu mnofu, nyama n'kusanduka mphira. Koma kolajeni yemweyo akakhala nthawi yaitali m'madzi otentha amasungunuka n'kukhala jelatini, chinthu chimene chimachititsa msuzi kukhala wokhathamira ndi kumata milomo. Chimene chimalimbitsa thadzi ndi chomwecho chimene chimalikometsa.

Yambani mwadziwa msinkhu wake

Musanakoleze moto, musanasende ngakhale anyezi, gwirani fupa la pachifuwa. Litsateni ndi chala kutsikira chakumimba mpaka pamene lathera, ndipo mukanikize nsonga yake. Mu nkhuku yanthete nsongayo sinasanduke fupa, imapindika ngati khutu la munthu. Mu thadzi imakhala gwaa, siigwedera. Pa zizindikiro zonse, ichi ndi chimene ndimachikhulupirira kwambiri, chifukwa chimagwira ntchito pa nkhuku yamoyo ngakhalenso yososola kale, ndipo wogulitsa sangachibise. Malamulo a ku America osiyanitsa mitundu ya nyama ya nkhuku amagwiritsa ntchito chizindikiro chomwechi: nkhuku yokazinga ndi yosakwana masabata 10 ndipo nsonga ya fupali imapindika, pamene thadzi lofwafwaza nthawi zambiri limakhala loposa miyezi 10 ndipo nsonga yake siipindika.

Ikakhala yamoyo, yang'ananinso miyendo. Yaing'ono imakhala ndi mamba osalala, ogona bwino, onyezimira. Yokalamba mamba ake amakhakhala ndi kutukuka, zikhadabo zili zokhuthala ndi zoperepeseka ndi kupalasa. Pa tambala onani kanyanga kakuthwa kamene kamamera kumbuyo kwa mwendo: pa wamng'ono kamangokhala kachotupa, pa wamkulu kamatalika mpaka kupindika. Thadzi la miyendo yachikasu limene laikira nthawi yaitali limasuluka mlomo ndi miyendo, chifukwa chikasucho chimapita ku mazira.

Ikakhala yososola, khungu la yanthete ndi lopyapyala, losavuta kung'ambika, mnofu wake wotuwira, chidale chili chodzaza. Thadzi la mazira limaoneka lalitali ndi lopapatiza, chidale chowonda, fupa la pachifuwa lili pamtunda, khungu lokhuthala, nyama ya m'ntchafu yofiirira kwambiri, ndipo m'mimba mumakhala mafuta ambiri achikasu. Koma musapusitsike ndi chikasu chokha. Mtunduwo umachokera ku zimene nkhuku imadya, monga chimanga chachikasu ndi masamba, choncho msoti nawo ukhoza kukhala wachikasu. Kulemera nakonso sikuuza kanthu: nkhuku yanyama ya masabata 6 imaposa thadzi la zaka ziwiri pa sikelo.

Ngati mwapha nokha

Iphani nkhuku yathanzi yokha. Imene ikudwala, kapena imene yangomwa kumene mankhwala masiku olembedwa pa botolo asanathe, isiyeni. Madzi ososolera asakhale owira. Yanthete imafuna madzi ofika madigiri a Celsius 55 kapena kuposa pang'ono, akatentha kwambiri khungu limasupuka ndi nthenga zomwe. Thadzi limapirira madigiri 60 mpaka 63 kwa mphindi imodzi kapena iwiri, popeza nthenga zake zinazika mizu. Yesani nthenga yaikulu ya paphiko: ikazuka mosavuta, yakwana. Potumbula samalani ndulu, kathumba kobiriwira kali pachiwindi, chifukwa ikaphulika kuwawa kwake sikuchoka. M'mimba mwa thadzi mukhoza kupezamo timazira tosakhwima, tachikasu, topanda chikamba, tosiyana kukula. Musataye, timadyedwa, ndipo tidzalowa mumphika kumapeto.

Kenako pali chinthu chimene ambiri amachidumpha chifukwa cha njala kapena changu. Nyama ya nkhuku imauma gwaa pakangotha ola limodzi kapena atatu chiphedwere, kenako imamasuka yokha pang'onopang'ono. Mukaiphika pa nthawi youmayo imalimba ngakhale ikhale yanthete. Ngati muli ndi firiji, ikanimo nkhuku yotumbula kale, yovundikira, pa madigiri 4 kapena kutsika. Yanthete igone usiku umodzi. Thadzi lipatseni masiku awiri, ndipo mudzamva kusiyana kwake pa mano. Ngati mulibe firiji musaisiye pamtetete kuti ipume, chifukwa tizilombo timaswana msanga pa nyama yofunda. Iphikeni tsiku lomwelo, mungowonjezera nthawi ya pamoto.

Kuduladula

Dulani m'malo olumikizana mafupa. Pindani mwendo chakumbuyo mpaka fupa la ntchafu lituluke m'malo mwake, mpeni udutse pamenepo. Chitani chimodzimodzi ndi mapiko ndi bondo. Pa nkhuku yanthete izi n'zophweka, mpeni umangoyenda. Pa thadzi m'pamene munthu amakopeka kutenga chimpeni chachikulu n'kumangotema, koma musatero. Nkhuku imene yaikira mazira mazanamazana yakhala ikuchotsa kashiamu m'mafupa ake kupangira zikamba, choncho mafupa ake ndi ouma ndi ophwanyika. Mukawatema amasweka tizidutswa takuthwa tobisala mumsuzi, ndipo wozipeza ndi mwana kapena agogo.

Chotsani mafuta a m'mimba muwaike padera. Msana, khosi, nsonga za mapiko ndi zipalapaso za thadzi musataye, m'mene muli jelatini wambiri ndi mmenemo. Mukamaliza tsukani thabwa, mpeni ndi manja ndi sopo musanagwire china chilichonse, chifukwa nkhuku yaiwisi imanyamula tizilombo ta Salmonella ndi Campylobacter. Ya m'paketi yoyeretsa kale siifunika kutsukidwa pampopi. Madzi odumpha amangomwaza tizilomboto pa mbale ndi zakudya zoyandikira, pamene moto ndi umene umatipha.

Yanthete: moto wamphamvu, nthawi yochepa

Apa ntchito si kufewetsa, nyamayi ndi yofewa kale. Ntchito ndi kuiteteza kuti isaume, komanso kuipatsa kukoma kumene ilibe pa yokha. Nkhuku ya masabata 6 sinakhale ndi moyo wokwanira kuti ikome, ndipo amene amadandaula kuti ikumveka madzimadzi sakunama.

Ithireni mchere nthawi ikadalipo, maola angapo kapena usiku wonse mufiriji, kuti mchere ulowe mpaka mkati. Njira ina ndi kuiviika m'madzi a mchere, magalamu 50 pa lita imodzi: nthuli zikhalemo ola limodzi kapena awiri, yathunthu maola 6 mpaka 8, zonse mufiriji. Mukaivuula ipukuteni iume bwino, popeza khungu lonyowa silifiira, limangotuluka nthunzi.

Tenthetsani mafuta kaye. Ikani nthuli khungu lili pansi, zisapanikizane, ndipo musazitembenuze msanga. Zikafiira zimadzimatula zokha pa chiwaya. Ntchafu ndi miyendo zimafuna mphindi 25 mpaka 30 zonse pamodzi, chidale chopanda fupa mphindi 12 mpaka 15 basi, choncho chidale chizilowa mochedwa kapena kutuluka msanga. Mukafuna kuwotcha yathunthu mu uvuni, ya kilogalamu imodzi ndi theka imapsa pa madigiri 200 mu ola limodzi ndi mphindi 10 kapena 15. Pamakala, yambirani pambali pomwe moto wachepa, mukamalizire pamoto waukali kuti khungu likhwinyate. Mukayambira pamoto waukali kunja kumapserera mkati mukadali mwaiwisi.

Nkhuku yapsa ikafika madigiri 74 mkati, pamalo okhuthala kwambiri, osakhudza fupa. Amene ali ndi thermometer ya nyama ayeze. Wopanda abaye ntchafu pafupi ndi fupa, madzi otuluka akhale oyera, mnofu usaoneke waiwisi. Pali chimodzi chimene chimasokoneza anthu: mafupa a nkhuku yanthete ndi a timabowo, choncho mtundu wofiira wa m'mafupa umadontha n'kudetsa mnofu wozungulira, makamaka ngati inaumitsidwa mufiriza. Fupa lakuda kapena lofiirira silitanthauza kuti siinapse. Ambiri amaibwezera pamoto chifukwa cha ichi mpaka chidale kusanduka thonje. Mukaiphula ipumitseni mphindi 10 musanadule, madzi akhazikike mu mnofu.

Ngati mukufuna ya msuzi, kazingani kaye, thiranimo zokometsera ndi madzi pang'ono, ibwate mphindi 20 kapena 25. Mukapitirira ola imayoyoka, mafupa kwina mnofu kwina, kukoma konse kutathawira m'madzi.

Thadzi: madzi, moto wochepa, ndi maola

Pano m'pamene pali luso lenileni, ngakhale kuti manja sagwira ntchito yambiri. Werengerani maola atatu kuchokera pamene mwayamba. Ngati chakudya chikufunika pakatha ola limodzi, phikani china, thadzi lidikire mawa.

Yambani ndi mafuta aja munaika padera. Aduleni tizidutswa, muwaike mumphika wokhuthala pansi, pamoto wochepa, asungunuke okha. Simufunikanso mafuta ogula. Kwezani moto, ikanimo nthuli zothira mchere pang'ono, zifiire mbali zonse kwa mphindi 8 kapena 10. Cholinga si kuti zipse, ndi kuti khungu ligwire mtundu ndi fungo. Ena amayamba ndi kufwafwaza n'kudzakazinga pamapeto, nyama itafewa kale. Njira imeneyonso ndi yabwino, makamaka kwa wofuna nthuli zouma kunja, koma ine ndimakonda kukazinga koyamba chifukwa zomata pansi pa mphika zimasungunukira mumsuzi.

Thiranimo anyezi, adyo ndi jinja ngati mumazikonda, zifote. Kenako thirani madzi mpaka atsale pang'ono kumiza nyama. Akhale ofunda kapena ozizira zilibe kanthu kwenikweni, chachikulu ndi chimene chikutsatira. Akangoyamba kuwira, yengulani thovu lotuwa limene limayandama, vundikirani, ndipo chepetsani moto mpaka madzi azingophethira, kathovu apa, kathovu apo. Musalole kuti azigaduka. Anthu ambiri amaganiza kuti moto waukali ufulumizitsa zinthu, koma madzi mumphika wamba sapitirira madigiri 100 ngakhale musonkhezere bwanji. Chimene mumapindula ndi madzi kuphwa msanga, mnofu kuuma ngati zingwe, ndi msuzi wodetsedwa ndi mafuta osakanikirana. Kolajeni amasungunuka bwinobwino pa madigiri 85 mpaka 95, amangofuna nthawi.

Pakatha ola limodzi mukavundukula, nyama idzakhala yolimba kuposa mmene inalili yaiwisi. Apa m'pamene ambiri amataya mtima n'kunena kuti nkhuku iyi ndi yamatsenga. Si matsenga, ulusi uja wangokokana usanayambe kusungunuka. Vundikirani muchokepo. Muzingoonako pa theka la ola lililonse, madzi akachepa muwonjezere otentha, pang'onopang'ono, osati kudzaza mphika.

Thadzi la mazira la chaka ndi theka limafewa pa maola awiri kapena awiri ndi theka. La zaka zitatu, kapena tambala wamkulu, likhoza kufuna maola atatu mpaka anayi. Wotchi ingokuthandizani, koma woweruza ndi foloko. Bayani ntchafu n'kupotoza: ikalowa mosakana, mnofu n'kuyamba kulekana ndi fupa, khungu la kumapeto kwa mwendo litakwinyikira m'mwamba, yapsa. Chidale cha thadzi chili ndi vuto lake. Ndi chowonda ndipo chilibe kolajeni wochuluka ngati miyendo, choncho chikhoza kuuma miyendo isanafewe. Chiyeseni pakatha ola ndi theka. Ngati chafewa chivuuleni, muchibwezere kumapeto, kapena muchinyotsole timizere tosakaniza ndi msuzi.

Matimati, karoti, mbatata ndi zina zosachedwa kupsa zilowe mu theka la ola lomaliza, apo ayi zimasungunuka osaonekanso. Timazira tija ndi chiwindi zilowe mphindi 10 zomaliza. Nthutumba yokha ndiyo iyambe limodzi ndi nyama, nayonso ndi nkhutukumve. Mchere wotsiriza muthire pamapeto mutalawa, chifukwa msuzi wa maola atatu umaphwa ndipo mchere umene unali wokwanira poyamba umadzakhala wowawa. Mukafuna msuzi wokhuthala, vundukulani mphika kwa mphindi 15 zomaliza.

Za njira zachidule

Yodalirika ndi imodzi: pressure cooker, mphika wotsekeka mwamphamvu umene umasunga nthunzi mkati. Mmenemo madzi amafika madigiri pafupifupi 120, ndipo ntchito ya maola atatu imatha mu mphindi 45 mpaka 60. Musadzaze kupyola magawo awiri mwa atatu, ndipo mukazimitsa moto musiyeni azizire yekha mpaka mpweya uthe. Mukaufulumizitsa, madzi a mu mnofu amawira mwadzidzidzi nyama n'kuuma.

Papaya wosapsa ndi chinanazi chaiwisi zili ndi mphamvu yodya nyama, n'zoona, koma zimangogwira pamwamba. Mukaviika nthawi yaitali kunja kumachita phalaphala, mkati muli chilimbire. Mandimu, viniga kapena yogati zimakometsa ndi kufewetsako pang'ono, koma sizingasandutse thadzi kukhala msoti. Soda amafewetsa ndithu, koma akangochuluka pang'ono msuzi umamveka sopo. Ndipo amene amaponya mapiritsi a paracetamol mumphika kuti nyama ipse msanga akusewera ndi moyo wa anthu. Amenewo ndi mankhwala, akachuluka m'thupi amawononga chiwindi, ndipo wakudyayo sadziwa kuti wamwa angati.

Zapakatikati

Si nkhuku zonse zimene zili mbali iyi kapena iyo. Msoti wa miyezi inayi kapena isanu woyenda pabwalo, kapena katambala kongoyamba kulira, ndi wolimbirapo kuposa nkhuku yanyama koma sunafike pa thadzi. Kwa ine iyi ndiyo nkhuku yokoma kuposa zonse. Nsonga ya fupa lija imapindika koma mokana pang'ono. Ikazingeni, kenako ibwate pamoto wochepa kwa mphindi 45 mpaka ola limodzi. Kuiwotcha kumatheka ngati mwaiviika m'madzi a mchere ndipo simukuithamangitsa. Ku France nkhuku zokula pang'onopang'ono za chizindikiro cha Label Rouge siziphedwa zisanakwane masiku 81, kuti zifike pa kukoma kumeneku.

Mukakhala ndi anthu ambiri n'kusakaniza nkhuku zamisinkhu yosiyana, musaziike mumphika nthawi imodzi. Thadzi litsogole. Yanthete ikazingidwe padera, ilowe mumsuzi wa thadzi mphindi 25 zomaliza, ndipo idzabwereka kukoma kumene inalibe.

Zotsala zisakhale pamtetete kupitirira maola awiri. Ziikeni m'mbale zosazama kuti zizizire msanga, zilowe mufiriji, zidyedwe pasanathe masiku atatu, ndipo potenthetsa ziwire ndithu. M'mawa mudzapeza msuzi wa thadzi utagwirana n'kumanjenjemera, pamwamba pali chikhungu cha mafuta achikasu. Sunawonongeke, ndi jelatini uja, ukangomva moto usungunuka. Mafutawo apaleni ndi supuni, muwasunge m'kabotolo kotseka mufiriji, mudzakazingire anyezi kapena mazira sabata yomweyo.